Musanagule matailosi, kwerani padenga la tchalitchi chakalecho

Lowani m'tchalitchi chakale cha njerwa tsiku lapakati pa sabata, masana a mwezi wa Okutobala, pamene Kasungu yense akutentha ngati pamoto. Mulibe mlaliki, mulibe kwaya. Koma mukangodutsa pakhomo thukuta limayamba kuzizira kumsana, maso amatenga kanthawi kuti azolowere kamdima, ndipo mawu amatsika okha popanda wina kukuuzani kuti chete. Mwamuna amavula chipewa asanaganize. Pakhomo penipeni njerwa zinakumbika ngati mbale chifukwa cha mapazi a anthu amene ambiri mwa iwo anagona kalekale kumanda kuseri kwa tchalitchicho. Munthu amene anangobwera kudzasiya makiyi amapezeka wakhala pabenchi, ndipo nthawi zina amapemphera.

Chimene chimamukhazika pansi munthuyu si matsenga, ndiponso si ukalamba wa nyumbayo wokha. Chinamangidwa ndi manja: makoma ochindikala, denga lalitali, mazenera aang'ono oikidwa m'mwamba, ndi mmene mawu amayendera m'katimo. Chomangidwa ndi manja chingathenso kuwonongedwa ndi manja. Ndipo amene akuwononga matchalitchi akale kuno kwathu si adani a mpingo. Ndi makomiti a chitukuko, anthu okonda Mulungu, amene atolera ndalama movutikira pa Pepa Sande nagula simenti, penti yonyezimira, matailosi ndi masipika akuluakulu, pamene madzi a padenga akupitiriza kudya maziko. Maganizo anga ndi akuti ndalama yoyamba ya mpingo wokhala ndi tchalitchi chakale izipita kothana ndi madzi a mvula, yachiwiri ku matabwa a denga, ndipo zokongoletsa zibwere pamapeto, ngati zikufunika n'komwe.

Dera lathu lino lili ndi mbiri yoti n'kuisamala. Ku Mchinji, boma limene kale linkatchedwa Fort Manning, ansembe a White Fathers anatsegula mishoni ya Kachebere mu 1903, patangotha chaka chitsegulire Mua, ndipo mu 1939 pamalopo panayamba seminale yaikulu imene yasula ansembe a m'Malawi muno ndi a ku Zambia. Ku Kasungu, Dr George Prentice wa mishoni ya Livingstonia anatsegula siteshoni mu 1900, ndipo m'zaka za m'ma 1920 ntchito ya siteshoniyo, ku Chilanga, inaperekedwa kwa amishoni a Dutch Reformed, omwe anayamba ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896. Kuchokera m'malo amenewa kunabadwa masukulu a m'midzi ndi nyumba zopemphereramo zambiri, zina zaudzu zomwe zinatha kalekale, zina zanjerwa zomwe zikadalipo. Tikamakamba za matchalitchi akale, maganizo amathamangira ku St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene David Clement Scott anamangitsa kuyambira 1888 mpaka 1891 ngakhale sanaphunzire za mapulani a nyumba, kapena ku St Peter's pachilumba cha Likoma, chimene maziko ake anaikidwa mu 1903. Zimenezo zili ndi ozisamala ndi alendo odzaziona. Zodetsa nkhawa ndi zing'onozing'ono za kumidzi, zimene palibe amazijambula, zimene msonkhano umodzi wa akulu ampingo ungathe kuzigamula kuti zigwe.

Pali mawu otsutsa, ndipo si opepuka. Woyamba ndi wa m'Baibulo momwemo: Stefano pa Machitidwe 7 ndi Paulo pa Machitidwe 17 onse ananena kuti Mulungu sakhala m'nyumba zomangidwa ndi manja. Mpingo ndi anthu, ndipo makolo athu anapemphera pansi pa mitengo Mulungu n'kuwamva. Izi n'zoona. Koma palibe akunena kuti Mulungu watsekeredwa m'njerwa. Wofuna thandizo la malo ndi munthu, chifukwa munthu amaiwala. Baibulo lomwelo limasimba za Yakobo amene anaimika mwala pa Beteli, ndi za Yoswa amene anatolera miyala khumi ndi iwiri ya mu Yordano kuti ana akadzafunsa tanthauzo lake, akulu adzakhale ndi poyambira. Ndipo kwa Mchewa nkhani imeneyi si yachilendo. Tinali ndi kachisi wa ku Msinja amishoni asanafike. Mpaka lero, ngakhale nkhuni zitasowa bwanji, mitengo ya kumanda sitidula wamba. M'midzi yambiri ya Kasungu, kumene fodya anatha nkhalango, kamsitu kotsala ndi ka kumanda. Anthu amene amadziwa chifukwa chake kamsitu kameneko kamasiyidwa sayenera kuvutika kumvetsa chifukwa chake nyumba imene agogo awo anabatizidwiramo siigwetsedwa chisawawa.

Wachiwiri ndi wakuti nyumba zimenezi ndi za azungu, zikumbutso za nthawi ya atsamunda. Funsani amene anaponda dothi. Mmishonale ankajambula pulani ndi kuyang'anira, koma woumba njerwa m'chikombole, wotunga madzi kudambo, wodula nkhuni zowotchera uvuni, wocheka matabwa ndi sowo yaitali ya anthu awiri, anali anthu a m'midzi yozungulira. Pa njerwa zina zakale mumaoneka zidindo za zala za woumba. Mayina awo sanalembedwe pamwala wa pakhomo, ndiye khoma lomwelo ndilo dzina lawo. Tikaligwetsa, dzina la mmishonale lidzatsala m'mabuku. Lofafanizika ndi la agogo athu.

Wachitatu ndiye wovuta kwenikweni: mpingo wakula, anthu akukhala panja, ndipo tchalitchi chakale n'chaching'ono. Ndibwereranso kwa ameneyu.

Choyamba tione chimene chimapanga bata lija. Makoma a matchalitchi akale ambiri ndi a njerwa ziwiri m'litali, pafupifupi masentimita 45, ena kuposa apo. Kutentha kwa dzuwa kumatenga maola ambiri kuti kuboole khoma lotere, moti kumafika m'kati usiku anthu atapita. Denga lalitali limapatsa mpweya wotentha kokwera, kutali ndi mitu ya anthu. Mazenera opapatiza amalowetsa kuwala pang'ono, kumene kumagwa paguwa kapena pagome osati m'maso. Mawu nawo amagunda makoma olimba n'kubwerera mochedwerapo pang'ono, n'chifukwa chake anthu makumi atatu oimba popanda chida chilichonse amamveka ngati khamu, ndipo amayi a Chigwirizano akatsitsa nyimbo yamaliro mawu omaliza amatsala m'mwamba iwo atatseka kale pakamwa. Ikanimo masipika awiri aakulu kutsogolo, mukweze mpaka kumapeto, muone: kubwerera komweko kumasanduka phokoso, mawu a mlaliki amagundana okhaokha, a kumbuyo samva kanthu ndipo woyendetsa makina amakwezanso. Mankhwala ake ndi timasipika ting'onoting'ono tinayi kapena tisanu ndi kamodzi, toikidwa m'mbali motsatira mabenchi, toloza kwa anthu osati kukhoma, tolankhula motsitsa. Kwaya m'nyumba yotere nthawi zambiri siifuna maikolofoni.

Tsopano madzi, chifukwa ndiwo amagwetsa matchalitchi. Werengani nokha. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, ndi lita imodzi. Tchalitchi cha mamita 30 m'litali ndi 12 m'lifupi chili ndi denga la masikweya mita 360. Mvula ya mamilimita 25, yomwe mu Januwale imatha kugwa ola limodzi, ndi malita 9,000, madiramu 45 a malita 200. Madzi onsewo amatsikira m'mbali ziwiri zokha, m'tsinde mwa khoma. Akagwa pansi amathovukira kukhoma, ndipo ndicho chifukwa chake mizere itatu kapena inayi ya njerwa zapansi ndiyo imayamba kunyenyeka, kuchita ndere ndi kutuluka zoyera ngati mchere. Otsalawo amalowa m'nthaka n'kufewetsa pansi pa maziko.

Ntchito yake ndi yotchipa moti anthu amainyoza. Yendani kuzungulira tchalitchi mvula ikugwa, osati itakata, muone kumene madzi akuima. Nthaka ya kunja ikhale yotsika kuposa pansi pa m'kati ndi masentimita osachepera 15, mizere iwiri ya njerwa. M'malo ambiri zinatembenuka: kusesa kwa zaka zambiri, zinyalala ndi mabedi a maluwa zakweza nthaka mpaka kukwirira khoma. Kumbani muchotse, ndipo nthaka ipendekere kunja, kutsika masentimita 5 pa mita iliyonse kwa mamita awiri. Pamene madzi a padenga amagwera pakhale ngalande ya njerwa kapena miyala yotengera madziwo kutali, mamita asanu kapena kuposa, kumunsi kwa malo. Maluwa othirira tsiku ndi tsiku achoke m'tsinde mwa khoma, ngakhale amene anawadzala adandaule. Ngati pali magatala, achotsedwe masamba mvula isanayambe ndiponso pakati pa dzinja, chifukwa gatala lotsekeka n'loipa kuposa kusowa gatala: limasonkhanitsa madzi n'kuwathira pamalo amodzi a khoma. Madzi saiwala khwawa, ndipo akapeza njira yolowera pansi pa ngodya ya nyumba adzaitsata chaka ndi chaka.

Mitengo nayo ili m'gulu lomweli. Bulugamu amamwa madzi ambiri ndipo mizu yake imayenda patali. Asakhale pafupi ndi khoma kuposa kutalika kwake. Woopsa mwakachetechete ndi kachere. Mbalame zimasiya njere zake m'ming'alu ya nsanja, kamtengo n'kumera kokongola, mizu n'kumakankha njerwa. Kazuleni kakadali kakang'ono. Kakakula musakoke, mungagwetse njerwa; dulani, muphe chitsa, mizu ikauma muichotse pang'onopang'ono.

Pa simenti ndi pamene anthu abwino amalakwitsa kwambiri, ndiye ndichedwapo. Makoma akale anamangidwa ndi dothi kapena laimu pakati pa njerwa. Zonsezi n'zofewa kuposa njerwa, ndipo zimalola chinyezi kutuluka. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo zilibe pepala lotchinga chinyezi pamaziko, choncho madzi amakwera m'khoma nthawi ya dzinja n'kuuma m'chilimwe kudzera m'mipata ya njerwa. Khomalo limapuma. Mmisiri wa lero akaona njerwa zikunyenyeka amati tipake pulasitala wa simenti, wamphamvu, thumba limodzi mawilibala awiri. Chaka choyamba zimaoneka bwino zedi. Koma simenti salola madzi kutuluka msanga, ndiye chinyezi chimakwera pamwamba pa pulasitalayo kapena kutulukira m'kati mwa tchalitchi. Mchere umene madziwo anyamula umaumira kuseri kwa pulasitala, m'njerwa momwe, n'kumaiphwanya. Pakapita zaka zingapo gogodani ndi chala: pakulira ngati ng'oma. Chigamphu chikagwa chimatenga nkhope ya njerwa, kuseri n'kutsala ufa wofiira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Penti ya mafuta imachita chimodzimodzi, imatupa matuza n'kusendeka. Matailosi oikidwa pa konkire m'kati amatseka pansi pamene chinyezi chinkatulukira, ndipo chonsecho chimathawira m'makoma.

Musanakonze, dziwani chimene anamangira. Kokotani pang'ono pakati pa njerwa. Ngati chikusungunuka m'madzi n'kukhala matope, ndi dothi. Ngati n'choyererako, chikufumbutuka m'zala, ndipo mukadonthezera viniga chikuchita thovu, muli laimu. Pokonza bwezerani chofanana nacho, kapena laimu ndi mchenga.

Laimu wake ndi womangira, wowotchedwa, amene amagulitsidwa m'matumba m'mashopu a zipangizo zomangira. Laimu wa kumunda amene alimi amathira pochepetsa asidi m'nthaka ndi mwala wongoperedwa. Sagwira, ngakhale mutamusakaniza bwanji. Thirani madzi m'diramu, kenako laimu pang'onopang'ono mukuvundula, mpaka akhale ngati phala lolimba. Pamwamba pakhale madzi pang'ono, muvundikire. Tsiku limodzi ndiye lochepetsetsa. Masabata awiri kapena kuposa ndiye bwino, chifukwa phalalo limanka lisalala. Sakanizani ndowa imodzi ya phala ndi ndowa zitatu za mchenga wa kumtsinje wosefa, wopanda dothi, ndipo musawonjezere madzi ambiri: likhale louma moti likhoza kuima pachipande osayenderera. Laimu amawotcha khungu ndipo akalowa m'maso ndi ngozi, choncho magolovesi, magalasi ndi ndowa ya madzi oyera zikhale pafupi.

Kokotani mipata yowonongeka yokha, ndi chitsulo chamanja, osati girayinda, chifukwa imadya m'mphepete mwa njerwa. Kuya kwake kukhale kuwirikiza kawiri kukula kwa mpata: mpata wa sentimita imodzi, kumbani masentimita awiri. Sesani fumbi, nyowetsani khoma, kanikizani laimu mpaka m'kati. Akayamba kulimba moti chala sichikulowa koma chikhadabo chikulemba, mumenyeni ndi burashi yolimba kuti atsekeke bwino. Kenako phimbani ndi ziguduli zonyowa kwa sabata. Laimu salimba ngati simenti. Amalimba pokoka mpweya pang'onopang'ono, ndipo akauma mofulumira amang'aluka n'kukhala ufa. Pachifukwa ichi ntchitoyi ndi ya Meyi, Juni ndi Julayi, mvula itatha, kunja kukuzizira. Mu Okutobala mutaya laimu wanu. Mwamwayi ndi miyezi yomweyo imene anthu agulitsa fodya, soya ndi mtedza, ndipo chopereka cha masika chalowa.

Popaka makoma, njereza yomweyo imene makolo ankagwiritsa ntchito ndiyo yoyenera: phala la laimu losungunula mpaka lifanane ndi mkaka, lopakidwa pakhoma lonyowetsa, mopyapyala, katatu kapena kanayi, tsiku limodzi pakati. Popaka imaoneka ngati madzi, ndipo apa ndi pamene wopaka wosaidziwa amailimbitsa kuti iwoneke msanga, kenako n'kumadabwa ikusendeka ndi kudetsa masuti a anthu. Imayera ikauma. Kumene simenti anapakidwa kale, musagumule yense tsiku limodzi. Chotsani pamene pakulira ngati ng'oma, pogwira zolimba musiye mpaka padzalekane pokha. Njerwa yofunika kusintha isinthidwe ndi njerwa yofewa ya muyeso womwewo, monga zotsala za nyumba zakugwa za pamishoni, osati buloko ya simenti.

Kudenga kumafunika makwerero, tochi ndi sikuludiraiva. Chiswe chimadya thabwa m'kati n'kusiya khungu, ndiye kuyang'ana kuchokera pansi sikuthandiza. Bayani mtanda uliwonse, makamaka kumapeto kumene walowa m'khoma, chifukwa ndi kumene kumakhala chinyezi ndi mdima. Chitsulo chikalowa mosavuta, pamenepo patha. Yang'ananinso timisewu tadothi tokwera khoma kuseri kwa makabati ndi m'chipinda chovalira abusa kapena ansembe; tithyoleni, ndipo mukapeza tamangidwanso m'mawa mwake, chulu chili moyo pafupi, chisakeni. Thabwa lowola kumapeto silifuna kutayidwa lonse. Mmisiri wodziwa amachirikiza denga, kudula powolapo, n'kulumikiza chidutswa chatsopano chothira mankhwala ndi mabawuti. Matabwa akalewo kawirikawiri ndi mlombwa, mbawa kapena mkungudza wa ku Mulanje, mitengo imene lero simungaipeze pa muyeso umenewo ngakhale muli ndi ndalama. Kuichotsa kuti muike paini wosathira mankhwala ndi kuitanira chiswe kuphwando. Oyilo wakuda wa galimoto amene ambiri amapaka salowa m'kati mwa thabwa, amanunkha kukatentha, ndipo amathandiza moto.

Malata amayamba kudontha pamisomali ndi polumikizira. Lowani masana, mutseke zitseko, muyang'ane kumwamba: paliponse pooneka kadontho ka kuwala ndi pamene mvula idzalowere. Msomali ukhomedwe pamsana pa lata, osati m'ngalande yake, ndipo masikuluwu okhala ndi labala ndi abwino kuposa misomali. Malata apitirirane masentimita 15 mpaka 20 kumapeto. Ngati tchalitchi chinali ndi denga lolemera la matailosi a dongo ndipo mwasintha kuika malata, dziwani kuti kulemera kuja ndiko kunkaligwira. Tsopano liyenera kumangiriridwa kukhoma ndi mawaya kapena zitsulo, apo ayi mphepo ya mvula yoyamba idzalinyamula lonse. Siling'i ya mabodi imene makomiti amaikonda imabisa zonsezi. Kudontha simukuona mpaka bodi litatupa, chiswe chimagwira ntchito mwamtendere, mileme imapeza nyumba, ndipo kutalika kuja kumene kumakweza maso ndi nyimbo kwadulidwa pakati. Ngati vuto ndi mileme, tsekani mipata ndi waya wa sefa madzulo itatuluka, ndipo posesa ndowe zake muziwaze madzi kaye ndi kuphimba mphuno, chifukwa fumbi lake limadwalitsa chifuwa.

Mng'alu pakhoma umaopsa anthu, ndipo mantha amenewo ndiwo amabala chigamulo chogwetsa. Si mng'alu uliwonse umene ukuyenda. Ina inachitika kalekale, mwina pa chivomezi monga chija cha ku Salima mu 1989, n'kuima pomwepo. Khomani msomali mbali iyi ndi mbali inayo, yezani mpata wake ndi rula, lembani m'kope pamodzi ndi tsiku, ndipo muzibwereza mwezi uliwonse kwa chaka chathunthu kuti muone dzinja ndi chilimwe chomwe. Ngati muyeso sukusintha, tsekani ndi laimu basi. Ngati ukukula, kapena ndi wotambasuka kumwamba kuposa pansi, kapena zitseko zayamba kukanika, kapena chingwe chomangirira mwala chikuonetsa kuti khoma lapendekera kunja, itanani injiniya, osati mmisiri wa pamudzi yekha. Khoma lopendekera kunja nthawi zambiri limatanthauza kuti mtanda wopingasa umene umagwira denga wawola kapena wina anaudula, ndipo denga likukankha makoma. Musakulitsenso mazenera okhota ngati uta pofuna kuwala. Uta umenewo ndiwo wanyamula khoma la pamwamba pake.

Belu likhale ndi womuyang'anira. Belu lenileni ndi la mkuwa wosakaniza ndi tini, ndipo limang'aluka likamenyedwa ndi hamala kapena chitsulo chingwe chikaduka. Likang'aluka mawu ake atha, ndipo owotcherera a pamsika sangalibwezere. Mpingo umathera pa limu ya galimoto yopachika pamtengo. Onani mabawuti ndi thabwa lonyamula belu, pakani girisi pozungulira kawiri pachaka, sinthani chingwe chisanaduke. Nsanja ndiyo malo aatali pamudzi, ndiye mphezi imaifuna. Lamba wa mkuwa wochokera pamwamba ayenera kufika m'nthaka osaduka pena paliponse, ndipo popeza akuba zitsulo amakonda kudula chigawo chapansi, muyendereni ndi maso mvula isanayambe. Wamagetsi wokhala ndi chida choyezera aone kuti lambayo sakupitirira ma ohm 10, muyeso wosonyeza kuti mphamvu ya mphezi ingalowe m'nthaka mosavuta.

Tibwerere kwa anthu okhala panja aja. Mpingo ukakula, kumanga kwina n'koyenera, ndipo palibe chifukwa chochitira manyazi ndi tchalitchi chatsopano chachikulu. Funso ndi lakuti chimangidwe pati. Mishoni zambiri ndi mipingo ya kumidzi ili ndi malo okwanira. Mangani chatsopano pambali, patali mokwanira kuti madzi a padenga lake asathire chakale ndiponso kukumba maziko kusagwedeze makoma ake. Chakale chipitirize kugwira ntchito: mapemphero a m'mawa, kalasi ya ofuna ubatizo, misonkhano ya amayi, miphakati, maukwati ang'onoang'ono, ndi kukhala chotsegula masana kuti wofuna kupemphera yekha alowe. Chimenechi n'chofunika kuposa laimu, chifukwa nyumba yotsekedwa imafa msanga: palibe woona kudontha, ndipo posachedwa imasanduka mosungira matumba a chimanga ndi simenti ya tchalitchi chatsopano. Njira ina imene yafala, yomanga chachikulu mozungulira chakale kenako n'kugumula cham'kati, imasunga malo koma imataya zonse zimene takambazi. Ndipo amene amati tigwetse kuti tipezepo njerwa awerengere bwino: njerwa zofewa zakale zambiri zimasweka pogumula, ndipo mitengo imene inaziwotcha inapita kale. Chigamulo chisanachitike, akulu ampingo afunse ku likulu la sinodi kapena dayosizi yawo, ndiponso ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, chifukwa lamulo la Monuments and Relics Act limateteza nyumba zina za mbiri ndipo mpingo ungapezeke walakwira lamulo pamalo ake omwe.

M'chipinda chovalira muli chinthu china chimene chiswe chimachikonda kuposa matabwa: mabuku a ubatizo, a maukwati ndi a maliro, ndi makope a misonkhano ya akulu ampingo. Kwa mabanja ambiri, dzina la agogo awo linalembedwa koyamba m'menemo, pamodzi ndi mudzi ndi mfumu yawo. Achotseni pansi ndi kukhoma lakunja. Aikeni m'bokosi lachitsulo lokwezedwa pa njerwa kapena pashelefu, osati m'mapepala apulasitiki, amene amasunga chinyezi n'kumeretsa nkhungu. Tsamba long'ambika musalimate ndi selotepi. Guluu wake amadetsa pepala ndipo amachotsa inki. Sankhani achinyamata awiri osamala, mmodzi wotsegula masamba ndi manja ouma, wina wojambula ndi foni pamthunzi wowala popanda fulashi, tsamba ndi tsamba kuyambira pachikuto. Zithunzizo zisungidwe malo awiri osiyana, kwina ku ofesi ya mpingo, kwina ku likulu, ndipo bokosilo lizitsegulidwa kamodzi pamwezi nthawi ya dzinja kuti muone ngati mwalowa chinyezi.